Masitepe Amene a Likhutcha Anakwera ndi Manja

Lero chakwana chaka chiwaikire a Likhutcha m'manda, ndipo mtima wanga sunaphwebe. Sindikulemba kuti muwamvere chisoni. Chisoni anthu ankawaponyera tsiku lililonse ali moyo, iwo n'kumachikana. Ndikulemba chifukwa cha zimene ndinamva pa maliro awo.

Pa maliropo bwana wamkulu wa pa Masitepe anapatsidwa mpata woyankhula. Anaimirira, n'kukonza tayi, n'kunena kuti malemuwa anali mnzawo pa chitukuko, ndipo ofesi yawo imanyadira kuti inawamangira chimbudzi chamakono. Anthu anagwedeza mitu. Ine ndinali kumbuyo ndi amayi ophika, ndipo ndinalavula. Mayi wina ananditsina, amvekere pamaliro sitichita choncho. Ndinamuyankha kuti pamaliro sitinamanso.

Kwa inu osadziwa kwathu kuno, pa Masitepe ndi nyumba ya maofesi ya pa tauni pathu, yokhayo yosanja pakati pa minda yonseyi ya tiyi. M'munsi muli holo ndi zenera lodulira ziphaso za msika, m'mwamba muli mabwana. Aliyense wofuna kalata kapena chidindo amathera pomwepo, kaya ndi wothyola tiyi wa ku malaini a antchito a pa esiteti, kaya mlimi wochokera kwa Kapichi. A Likhutcha ankakhala pa khonde la nyumbayo, pakona yoyang'ana kumsewu, n'kumakonza maambulera. Ine ndimagulitsa tiyi ndi masikono tsidya la msewu, m'kanyumba ka malata, chisiyireni sukulu Fomu 2. Za ine ndi zomwezo basi.

Tonse tinkawatchula kuti amisiri, osati chifukwa cha maambulera. Asanalumale anali mmisiri womanga pa esiteti. Nyumba zambiri za ku malaini, ngakhale zimbudzi zake, zinadutsa m'manja mwawo. Anagwa kuchokera padenga la nyumba yofotetsera masamba, zipani zambiri zitangoyamba kumene, ndipo kuyambira m'chiuno kutsika m'munsi miyendo inangoti lende. Ankayenda pa njinga ya mateyala atatu yopalasa ndi manja. Mapewa awo anali ngati a munthu wonyamula matumba, miyendo ngati ya mwana.

Sanali munthu wofewa, ndisakunamizeni. Ambulera ukabwera nayo yothyoka, ankayamba akulalatira kuti umaigwira ngati khasu. Akakwiya kwenikweni ankatembenukira ku Chilomwe, ndiye ukangomva choncho unkadziwa kuti zako zada. Ine ankandinena pafupifupi sabata iliyonse za sukulu, kuti mutu ndili nawo koma ndimaugwiritsa ntchito yosenzera ndowa. Ndinkawabwezera. Tinkatha masiku awiri osapatsana moni.

Pambali pa njinga yawo ankamangirira ndodo ya nsungwi. Sinali yoyendera, nanga akanayenda bwanji. Anaidula molingana ndi kutambalala kwa njinga yawo m'mbali, kuwonjezapo malo a zigongono ziwiri. Akafika pa khomo lililonse, la golosale, la chipatala, la chigayo, ankamasula ndodoyo n'kuipingasa pakhomopo. Ikakana kulowa, ankangotsonya, n'kuimangiriranso. Makomo onse a pa tauni pano ankawadziwa pamtima, ndipo amene ndodoyo inkalowa anali owerengeka ndi zala za dzanja limodzi. Ankakonda kunena kuti womanga safunika kumufunsa maganizo ake, khomo limene wasiya limanena lokha amene ankawayembekezera ndi amene sanawaganizireko.

Kutchalitchi anakangana ndi akuluampingo pa nkhani yomweyo. Pakhomo pali masitepe anayi, ndipo anyamata a kwaya ankafuna kumawanyamula. Anakana. Anati adzanyamulidwa kamodzi kokha polowa m'tchalitchimo, ndipo tsiku limenelo sadzakhala ndi pakamwa pokanira. Zaka zonsezo ankapemphera ali panja, pansi pa zenera, mvula ikagwa atafunda ambulera ya kasitomala.

Chimene ndinayamba kuwada nacho ine n'chakuti sankandigula tiyi. Tsiku lonse ali pamenepo, kuyambira m'mawa mpaka maofesi kutseka, chiperoni chikuwomba, koma olo kapu imodzi. Madzi omwe sankamwa. Ndinkangoti ndi kuumira. Tsiku lina ndinaoloka msewu n'kuwafunsa.

"Amisiri, tiyi wanga ali ndi chiyani? Mumaopa kuti ndikuthirirani mankhwala?"

Sanadzutse mutu. Anali akupinda waya ndi pulayala.

"Tiyi wako ndi wabwino, Esinati. Fungo lake limandipeza pompano."

"Nanga?"

"Akalowa amafuna potulukira. Kandionere kuseriko, ubwere undiuze ngati potulukira pake palipo."

Chimbudzi chakale cha pa Masitepe ndinkachidziwa, koma tsiku limenelo ndinachiyang'ana ndi maso ena. Masitepe atatu opanda pogwira. Khomo lopapatiza loti munthu wonenepa alowe chammbali. M'katimo dzenje lonjuta, pansi ponyowa nthawi zonse, ndipo chonyowetsacho sanali madzi okha. Kuti a Likhutcha alowemo ankayenera kusiya njinga panja n'kukwawa ndi manja. Anandiuza kuti anayesapo kamodzi atangoyamba kukhala pakhondepo. Atatuluka anayang'ana zikhatho zawo, manja omwewo odyera, omwewo opatsira anthu moni, ndipo analumbira kuti sadzabwerezanso. Kuyambira pamenepo ankamwa madzi akafika kunyumba madzulo, basi. Munthu wobadwira m'tiyi, wokulira m'tiyi, wothyokera msana pa fakitale ya tiyi, zaka zoposa khumi osalawa tiyi dzuwa lili m'mwamba.

Ndiye mukhoza kumvetsa mmene anachitira atamva kuti zimbudzi za pa Masitepe azikonza, ndipo chimodzi chikhala cha anthu olumala. Chinali chaka chotsatira njala yaikulu imene inagwa kuno. Kunabwera kontilakitala ndi lole ya mchenga, ndi kapitawo wake wachinyamata wochokera ku Blantyre, wovala chipewa cholimba, pulani ili m'khwapa. A Likhutcha anaonerera masiku anayi. Tsiku lachisanu, felemu ya chitseko itaimikidwa, anapalasa njinga mpaka pomwepo, n'kumasula ndodo yawo. Inakana kulowa.

"Akapitawo, khomo ili ndi la ndani?"

"La anthu ngati inuyo, madala. Mwaona mwayi?"

"Ine sindilowapo apa."

"Mulowa. Pulani iyi yachokera ku likulu, anajambula ndi anthu ophunzira."

"Anthu ophunzirawo anakhalapo pa njinga iyi?"

Pulaniyo anaijambulira mpando wa mateyala wa kuchipatala uja, wochita kukankhidwa ndi munthu wina pa simenti yosalala. Kuno mpando wotero sungayende ngakhale kuchoka pa msika kufika pa chigayo. Kuno ndi zitunda ndi matope ofiira, ndipo wolumala aliyense amene amadziyendera yekha ali pa njinga ya mateyala atatu, yaitali kutsogolo, yotambalala kumbuyo. Aliyense wa pa tauni pano amadziwa zimenezi. Pulani sinkadziwa.

Kapitawo anayamba kuyankhula Chingerezi. A Likhutcha sanakangane naye. Anatsika pa njinga, n'kukhala pa mulu wa njerwa, n'kuloza mpando wa njingayo.

"Kwerani. Mukalowa n'kutseka chitseko, ine ndibwerera ku maambulera anga, simundimvanso."

Anyamata ake anayamba kuseka, ndiye kapitawo sakanachitira mwina. Anakwera. Njira yotsetsereka imene anali atawaka yokwerera pakhomopo inali yaifupi, yoima ngati chulu. Anapalasa kawiri, teyala lakutsogolo linanyamuka, njinga inabwerera chambuyo, iye n'kukagwera mu mchenga, chipewa uko. Anyamata anagona pansi ndi phwete. Ine ndinali nditabweretsa tiyi wa omangawo, ndipo ndinaseka mpaka ndinataya theka.

Kapitawo uja ndimamupatsa ulemu pa chinthu chimodzi. Anadzuka, n'kudzisasa mchenga, n'kufunsa kuti, "Ndiye tipange bwanji, amisiri?" Aka kanali koyamba kuwatchula amisiri.

Masabata atatu otsatira maambulera anaunjikana osakonzedwa. A Likhutcha ankafika omanga asanafike. Anagwetsetsa khoma la kutsogolo. Khomo analikulitsa mpaka ndodo inalowa n'kutsalako malo. Chitseko anati chizitsegukira kunja, chifukwa njinga ikalowa m'kati simukhalanso malo oti chitseko chizungulire. Njira yokwerera anaitalikitsa mpaka inakafika pafupi ndi mtengo wa mapeyala, n'kuikanda mizere kuti isamaterere nthawi ya mvula. Zitsulo zogwirira anaziyeza ndi mapewa awo omwe. Mpopi anautsitsa. Ankalalatira anyamatawo ngati ana awo, iwo n'kumangoti inde amisiri. Sindinawaonepo okondwa choncho. Mpaka anameta ndevu.

Chimbudzicho anachitsegulira Lachisanu. Kunabwera alendo a magalimoto, kunali kudula riboni, kunali wojambula zithunzi. Bwana wamkulu anagwira phewa la a Likhutcha nthawi yonse imene kamera inali kuyang'ana. Kenako a Likhutcha anapalasa okha kukwera njira ija, osakankhidwa, analowa, chitseko n'kutsekeka. Anthu anaomba m'manja. Anakhalitsamo, mpaka alendo anayamba kuyang'ana mawotchi. Atatuluka, manja ali onyowa ndi madzi a pa mpopi, anandipeza m'gulumo n'kundinong'oneza kuti sanachitemo kanthu. Anangokhala, kumvetsera mmene zimakhalira munthu ukadzitsekera wekha chitseko.

Lolemba m'mawa ndinangoona njinga ikuoloka msewu kubwera kwa ine.

"Esinati, tiyi. Kapu yaikulu ija. Wamkaka."

"Amisiri, mwadwala?"

"Thira, iwe, usandichedwetse."

Anamwa makapu atatu. Ankamwa pang'onopang'ono, akuuzira, atatsinzina. Anati shuga ndimathira wochepa ngati wakuba, ndipo masamba ndimawiritsa mopitirira. Ndinawauza kuti zaka khumi osamwa, lero akhale katswiri. Tinaseka. Anaoloka kubwerera ku maambulera awo.

Cha m'ma leveni ndinamva Chilomwe chikuchokera kuseri kwa Masitepe. Ndinasiya ketulo pamoto.

Pa chitseko chatsopanocho panali loko. Wamkulu, wonyezimira, woti sanagone n'komwe masiku awiri pamenepo. A Likhutcha anali patsogolo pake, ndipo pambali panaima a Bizwiki, mesenjala wa pa Masitepe, akupotokola chipewa m'manja.

"A Bizwiki, ndani wakhoma apa?"

"Ndi abwana, amisiri. Akuti chimbudzi chokongola chonchi anthu akumudzi achiwononga. Akuti ena aziba mipopi."

"Kiyi ali kuti?"

"Ali m'mwamba. Mu dirowa ya abwana."

"M'mwamba."

"Eee. Akuti wofuna azikapempha."

Taganizani. Anthu anakhala pansi, ovala mataye, ophunzira mpaka kunja, n'kugwirizana kuti kiyi wa chimbudzi cha anthu osayenda azikhala pamwamba pa masitepe. Ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene anaona chachilendo.

A Bizwiki anati iwo sangalowe, abwana ali pa mitingi. Ndinathamanga ndine. Mlembi wa pakhomo anandiyang'ana kuyambira ku mapazi, n'kunena kuti abwana sasokonezedwa, ndidikire mpaka nthawi ya nkhomaliro. Ndinamuuza kuti chikhodzodzo cha munthu sichidziwa mitingi. Anati ndituluke. Ndinatsika, ndinatola mwala waukulu pa mulu umene omanga anasiya, n'kulunjika pa loko paja.

"Taya mwalawo."

"Amisiri, kamodzi kokha, aphwanyika."

"Ndati taya! Uphonya, umenya chitseko. Chitseko chimenechi ndinayeza ndine."

Nkhope yawo inali itachita thukuta, kunja kukuzizira. Anatembenuza njinga, n'kupalasa kuzungulira nyumba mpaka m'munsi mwa masitepe olowera m'mwamba. Anavula jekete, n'kulipinda bwinobwino, n'kuliika pa mpando. Kenako anatsika pansi.

Linali tsiku la chiperoni, ndipo masitepe onse anali matope ofiira a nsapato za anthu. Pa mzere wa ziphaso panali anthu ambiri. Amuna awiri anathamangira kuti awanyamule, koma mmene amisiri anawayang'anira, anabwerera okha. A Likhutcha ankaika zikhatho pa sitepe ya pamwamba, n'kudzikoka, n'kukhala, kenako n'kukoka miyendo ndi dzanja, umodzi umodzi. Sitepe ina, chimodzimodzi. Kumamveka kupuma kwawo kokha, ndi nsapato zawo zikugunda simenti.

Pamene masitepe amakhotera, pakati penipeni, anaima. Ndinali m'munsi mwawo masitepe awiri, ndipo ndinaona buluku lawo likuda, madzi n'kuyamba kutsika sitepe ndi sitepe kudutsa pa mapazi anga. Tiyi wanga yemwe uja. Mayi wina pa mzere anaphimba kumaso ndi chitenje. Ndinkaganiza kuti abwerera. Anayang'ana pansi kanthawi, anapukuta chikhatho pa malaya, n'kuchiika pa sitepe yotsatira.

Mlembi uja sanayese n'komwe kuwaletsa. A Likhutcha anakankha chitseko cha mitingi ndi phewa, n'kukwawira m'kati mpaka pa kapeti. Mabwana asanu anali atazungulira tebulo, pali mabotolo a zakumwa. Bwana wamkulu anaimirira.

"Aaa, madala, n'chiyaninso? Mukanangotuma munthu."

"Ndinatuma."

"Pepani, sitinadziwe. Mukudziwa, katundu wa boma ayenera kusamalidwa. Tikangosiya chotsegula, mwezi umodzi sichitha." Anatsegula dirowa. "Nayu kiyi."

A Likhutcha sanatambasule dzanja.

"Msungeni, bwana. Wachedwa. Ine ndangobwera kudzakuonetsani kutalika kwa ulendo wopita kuchimbudzi chimene mwatimangira. Ndauyeza. Ndi wautali kuposa chikhodzodzo cha munthu."

Anatembenuka, n'kutsika okha, chokhala, sitepe imodzi imodzi, kudutsa m'madzi awo omwe. Anavala jekete, anakwera njinga, n'kupita kwawo dzuwa lili pamutu. Mawa lake anabwera ndi buluku lochapa, n'kuyamba kukonza maambulera aja anaunjikana. Tiyi sanaitanitsenso mpaka imfa yawo.

Mwina mukuganiza kuti loko anachotsedwa. Ayi. Mabwana anakhalanso pansi, n'kugamula kuti kiyi azisunga a Bizwiki. Koma a Bizwiki ndi mesenjala. M'mawa ali ku positi, masana atumidwa kukagula tchipisi cha abwana, madzulo apita ndi makalata ku esiteti, kiyi ali m'thumba. Akakhalapo ankabwera okha pakhonde, mwaulemu ndithu, kudzafunsa ngati amisiri akufuna kutsegulira. A Likhutcha ankayankha kuti anasiya kukweza dzanja popempha kukataya madzi ali Sitandade 1.

Apa ndiye ndinkakangana nawo kwambiri. Ndinkawauza kuti kuuma mutu kwawo sikukupweteka bwana aliyense, kukupweteka iwo omwe. Ndinkawaikira kapu ya madzi pambali, iwo n'kuthirira kamtengo ka maluwa ka pakhonde. Ndinawauza kuti ndikaphwanya lokoyo ndekha, andimange. Anati ndikatero mabwana apeza ponenera kuti mwaona, tinanena kuti anthu ake ndi owononga. Ankafuna kuti amene anakhoma akachotse yekha, ndi manja ake, masana anthu akuona. Anadikira zaka ziwiri.

Mapazi anayamba kutupa, kenako nkhope. Kuchipatala anawauza kuti impso zatopa, ndipo azimwa madzi ambiri tsiku lonse. Akazi awo anandiuza kuti a Likhutcha anaseka mpaka kutsokomola, adokotala n'kudabwa kuti chosekesa n'chiyani. Mayiwo anawachonderera kuti azingokhala pakhomo, pamene pali chimbudzi chimene anadzimangira okha. Anati pakhomo palibe amene amabwera ndi ambulera yothyoka, ndipo iwo si munthu wodyetsedwa. Anagwira ntchito mpaka sabata imene anawagoneka m'chipatala. M'tchalitchi muja analowa atanyamulidwa, monga ananenera.

Ndiye wina aimirire pa maliro n'kumati mnzathu pa chitukuko.

Chimbudzi chija chilipo. Njira yokwerera ilibe mng'alu ngakhale umodzi, mvula zonsezi. Loko alipo, anachita dzimbiri pang'ono. Masiku ano kiyi anabwereranso m'mwamba, chifukwa mabwana anaona kuti n'chaukhondo kuposa chawo, ndiye amatsika okha kukachigwiritsa ntchito. Amatuluka akupukuta manja ndi kampango, atawerama kusamba pa mpopi umene a Likhutcha anatsitsa.

Sabata yatha kunabwera mayi wina wochokera kwa Khwethemule, pa njinga ya mateyala atatu, kudzafuna chidindo. Anamuuza kuti adikire. Anaima pakhonde kuyambira m'mawa, pakona pomwe paja. Masana ndinamutengera kapu ya tiyi, ndinati ndi waulere, kukuzizira. Anayang'ana kapuyo, anayang'ana kuseri kwa nyumba, n'kumwetulira.

"Zikomo achemwali. Ndikamwa kunyumba."

Ndinabwerera nayo kapuyo.

Kupatula mayi ameneyo, pakona paja palibe amene wakhalapo chimwalirire a Likhutcha. Pa simenti pali timaenje titatu tosalala pamene mateyala ankaima. Msomali umene ankakolekapo maambulera udakali pakhoma, ndipo pali ambulera imodzi yopanda nsalu, mawaya okhaokha, imene mwini wake sanabwere kudzatenga. Kamtengo ka maluwa kaja kanauma, poti palibenso wokathira madzi anga. Ndodo ya nsungwi akazi awo anaisiya pomwepo, yotsamira khoma, ndipo osesa amaizungulira. Ndikakhala pa ketulo yanga ndimaona zonsezi bwinobwino, komanso ngodya ya chitseko chija kuseri, chotambalala mokwanira, chotsegukira kunja, chokhoma.